Ma VM atsopano akukanika pa cloud-init, akuti satifiketi yatha koma ya seva idakali bwino

Wongani, Luwinga

Moni akuluakulu nonse pagulu pano, ndikupempha nzeru. Pa Proxmox, pulogalamu imene timayendetserapo ma VM (makompyuta ongoyerekezera oyenda mkati mwa seva), pali ma template awiri (madisiki okonzeratu amene VM yatsopano imakoperedwako), imodzi ya Ubuntu 22.04, inayo ya CentOS 7. Kuyambira Lolemba VM iliyonse yochokera pa ma template amenewa ikuyaka bwinobwino, IP ikulandira, SSH ikulowa, koma mapulogalamu amene cloud-init (pulogalamu yokonza VM ikayaka koyamba) imayenera kuika sakuikidwa. `cloud-init status --long` ikunena `status: error`. Mu `/var/log/cloud-init-output.log` ya Ubuntu muli izi:

`Certificate verification failed: The certificate is NOT trusted. The certificate chain uses expired certificate.`

Pa CentOS yum ikugwa ndi `curl#60`. Mapakeji amachokera pa mirror (seva yosunga makope a mapakeji) ya mkati mwa ofesi, pa HTTPS, ndipo satifiketi yake inasainidwa ndi CA (makina osainira masatifiketi) ya ofesi yomweyo. Chondizunguza mutu n'chakuti pa laputopu browser ikutsegula mirror popanda dandaulo, satifiketi ya seva ikusonyeza kuti itha chaka chamawa, ndipo maseva akale akupanga `apt update` popanda vuto. Ndiyambire pati?

A Gondwe

Moni a Wongani. Musasinthe kalikonse kaye. Lowani mu VM imodzi yokanikayo, osati pa laputopu, ndipo mutitumizire zinthu ziwiri. Choyamba `date -u`, tione ngati wotchi ili bwino. Chachiwiri:

`openssl s_client -connect mirror.ofesi.lan:443 -servername mirror.ofesi.lan -showcerts </dev/null`

Dzina la mirror muike lanu. Chimene tikufuna ndi mizere yoyambirira yokhala ndi `depth=` ndi `verify error`. Depth 0 ndi satifiketi ya seva, depth 1 ndi intermediate imene inaisaina, ndipo nambala yaikulu kwambiri ndi root. Browser imakuonetsani tsiku la depth 0 lokha pokhapokha mutatsegula chain yonse, n'chifukwa chake anthu amatsutsa kuti satifiketi yawo sinathe pamene yatha ndi ina ya pamwamba pake.

Nambala ya error nayo imanena zambiri. 10 ndi satifiketi yotha nthawi, 9 ndi yoti nthawi yake yoyambira sinakwane, 20 ndi yoti amene anasaina sakupezeka pa makinawo, 19 ndi root imene seva yatumiza koma makinawo sakuidziwa. Chilichonse mwa zinayi chili ndi mankhwala ake.

Wongani, Luwinga

Zikomo a Gondwe. Wotchi ili bwino, ikugwirizana ndi ya pafoni mukachotsa maola awiri. Zatuluka ndi izi:

`depth=2 CN = Ofesi Root CA`
`verify error:num=10:certificate has expired`

Mzere wa `notAfter` ukusonyeza Lamlungu lapitali masana.

Madalitso

Achimwene, ngati ntchito ili yothamangira ikani `Acquire::https::Verify-Peer "false";` mu apt.conf ndi `sslverify=0` mu yum, ma VM atuluke kaye. Ndi netiweki ya mkati, ndani angakuvuteni?

NyaMkandawire, Katoto

Ayi achimwene a Madalitso, pamenepo ndikukana ndithu. Mzere umenewo ukalowa mu user-data (fayilo ya malangizo a cloud-init) umapita mu VM iliyonse imene idzapangidwe, ndipo palibe amene amadzakumbukira kuuchotsa. Komanso cloud-init nthawi zambiri sikoka mapakeji okha. Mu `runcmd`, mndandanda wa ma command amene cloud-init imayendetsa, anthu amaika `curl` yokoka script n'kuiyendetsa ndi akaunti ya root, ya mphamvu zonse pa makina. Mapakeji a apt ndi yum ali ndi siginecha ya GPG, kotero ngakhale munthu ataima pakati sangawasinthe osagwidwa. Script yokokedwa ndi `curl -k` ilibe chitetezo china chilichonse. Netiweki ya mkati ndi yomweyo imene mumalumikizamo malaputopu a alendo ndi mafoni a anthu.

Vutoli lapezeka kale, ndipo kulikonza bwino sikutenga nthawi yoposa yozimitsira chitetezoyo.

A Wongani, funsani amene amasunga CA funso limodzi: kodi root anaipanganso posachedwa? Ndikukhulupirira kuti ayankha kuti inde. Anaigawa ku malaputopu ndi ku maseva oyaka, mwina kudzera pa Ansible kapena Group Policy, n'chifukwa chake onsewo ali phee. Template ndi disiki yozima. Siyaka, silumikizana ndi netiweki, ndiye palibe chimene imalandira. Root imene inaikidwamo tsiku lopanga template ndi imene ilimo mpaka lero, ndipo VM iliyonse ikubadwa nayo.

Wongani, Luwinga

Mwalasa achemwali. Akuti anaipanganso miyezi iwiri yapitayo. Yakale inapangidwa ndi `-days 1825`, zaka zisanu.

Thoko, Chibavi

Pepani akuluakulu, ine ndikuphunzira kumene. Ngati satifiketi ya seva idakali ndi chaka, bwanji kutha kwa root kukuigwetsa? Ndipo ngati root yatsopano ndi ina, bwanji satifiketi ya seva yomweyo ikugwirabe pa malaputopu?

A Gondwe

Funso labwino a Thoko. Taganizirani kalata yochokera kwa a nyakwawa, yodindidwa ndi a gulupu, kenako ndi a T/A. Wolandira kalatayo sawadziwa a nyakwawa, amakhulupirira chidindo cha pamwamba chimene ali nacho m'buku lake. Chidindo cha m'bukucho chikalembedwa kuti chinatha, zonse za pansi pake sizilandiridwa ngakhale zili zatsopano. OpenSSL ndi GnuTLS zimayang'ana masiku a satifiketi iliyonse mu chain, kuphatikizapo root imene ili pa makina enieniwo.

Funso lachiwiri ndi lofunika kwambiri pa kakonzedwe. Root ingapangidwenso m'njira ziwiri. Yoyamba, kiyi wachinsinsi yemweyo ndi dzina lomwelo, kungosintha masiku. Apa zonse zimene zinasainidwa kale zimagwirabe, chifukwa siginecha imatsimikizidwa ndi kiyi, osati ndi tsiku. Yachiwiri, kiyi watsopano, ndipo apa intermediate iyenera kusainidwanso ndi root yatsopanoyo. Kwa a Wongani error 10 pa depth 2 ikusonyeza njira yoyamba: VM yapeza root yogwirizana ndi intermediate m'sitolo yake ya masatifiketi odalirika, koma yotha. Akanasintha kiyi tikanayembekezera 19 kapena 20. Kuti mutsimikize, yendetsani izi pa root yakale ndi yatsopano:

`openssl x509 -in root.crt -noout -text | grep -A1 "Subject Key Identifier"`

Manambala akafanana, kiyi ndi yemweyo.

Wongani, Luwinga

Afanana. Anditumizira fayilo yatsopano pa WhatsApp, dzina lake likuthera ndi `.cer`.

NyaMkandawire, Katoto

Musaiike msanga. Satifiketi ya root si chinsinsi, kuitumiza pa WhatsApp si vuto, koma muyenera kutsimikiza kuti imene yafika ndi yeniyeni, chifukwa mukaiika m'sitolo makina anu azikhulupirira chilichonse chosainidwa nayo.

`openssl x509 -in root.cer -noout -subject -dates -fingerprint -sha256`

Aimbireni foni amene amasunga CA, akuwerengereni fingerprint kuchokera pa makina a CA, inu mukuyang'ana panu. Command imeneyi ikakana kuwerenga fayiloyo ndiye kuti ili mu DER, isintheni:

`openssl x509 -inform der -in root.cer -out ofesi-root.crt`

Pa Ubuntu fayilo iyenera kukhala PEM, yoyamba ndi `-----BEGIN CERTIFICATE-----`, satifiketi imodzi pa fayilo, ndipo dzina lithere ndi `.crt`. `update-ca-certificates` imangodumpha mafayilo a `.cer` ndi `.pem` mu `/usr/local/share/ca-certificates/` osanena kanthu. Mukaona `0 added` yang'anani dzina la fayilo poyamba.

Yesani pa VM imodzi yokanikayo kaye. Pezani yakale mu foda imeneyo, ichotseni, ikani yatsopano, kenako:

`update-ca-certificates --fresh`

Kuchotsa yakale ndikukuumirira. Ziwirizo zili ndi dzina limodzi ndi kiyi mmodzi, ndiye zikakhala pamodzi pulogalamu imasankha yokha. OpenSSL kuyambira 1.1.0 imakonda imene sinathe, koma 1.0.2 imatenga imene yayamba kupezeka. Zikatero wget ikhoza kukana pamene curl ikulola pa makina amodzimodzi, ndipo munthu amataya tsiku lonse akufufuza kolakwika.

Pa CentOS 7 malo ake ndi `/etc/pki/ca-trust/source/anchors/`, kenako `update-ca-trust extract`. Kuti muone zimene zilimo, `trust list | grep -i -B2 -A2 ofesi`.

Chisomo, Mchengautuwa

Ndiwonjezereko pa CentOS 7, chifukwa imasokoneza anthu poyesa. Lembani `curl -V` muona kuti curl ya kumeneko inamangidwa ndi NSS, osati OpenSSL, ndipo yum imadutsira mu libcurl yomweyo. wget ndi Python ndi zimene zimagwiritsa OpenSSL 1.0.2k. Kotero `openssl s_client` ikanena kuti zili bwino musathamangire kunena kuti yum yachira, ndipo curl ikalola musanene kuti Ansible yachira. Yesani zonse zitatu: `yum makecache`, `wget`, ndi `openssl s_client`. Musaiwale `yum clean all` poyamba.

China, CentOS 7 inasiya kulandira zokonza pa 30 June 2024, ndipo mirrorlist.centos.org inatsekedwa. Ngati mu `/etc/yum.repos.d/` mwatsala fayilo yoloza kumeneko, yum igwabe ngakhale satifiketi itakonzedwa, ndi error ina yoti dzina silikupezeka. Mafayilo amenewo azimitseni kapena muwalozetse ku vault.centos.org. Koma kunena zoona template imeneyi siyenera kumaberekanso ma VM atsopano. Rocky Linux ndi AlmaLinux zilipo, zaulere, ndipo zikulandira zokonza.

Wongani, Luwinga

Pa VM yoyeserayo zatheka, `Verify return code: 0 (ok)`, apt nayo yadutsa. CentOS ikufunikabe chifukwa cha pulogalamu imodzi yakale, koma ndamva a Chisomo. Tsopano template ndiikonze bwanji? Ndimaganiza zongoika command yokonzera mu `runcmd`.

A Gondwe

`runcmd` ikuchedwerani. Dongosolo la cloud-init liyenera kudziwika bwino apa. Imayenda m'magawo. Mu gawo la init muli `bootcmd`, kenako `write_files`, kenako patsogolo `ca_certs`. Mu gawo la config ndi mmene apt ndi yum zimakonzedwa. Mu gawo la final ndi mmene mapakeji amaikidwa, ndipo zimene munalemba mu `runcmd` zimayenda mapakejiwo atayesedwa kale. Ndiye mukakonzera satifiketi mu `runcmd`, mapakeji akhala atagwa kale.

Msampha wina uli pa `bootcmd` ndi `write_files`. Anthu amalemba satifiketi ndi `write_files` n'kuika `update-ca-trust` mu `bootcmd`, poganiza kuti fayilo ikhala ilipo. Siikhalapo, chifukwa `bootcmd` ndi imene imayamba. VM imagwa pa kuyaka koyamba, n'kuchira pa kuyaka kwachiwiri, koma mapakeji sayesedwanso chifukwa gawo limenelo limayenda kamodzi pa VM.

Pa Ubuntu 22.04 njira yachidule ndi iyi:

```
#cloud-config
bootcmd:
  - rm -f /usr/local/share/ca-certificates/ofesi-root-yakale.crt
ca_certs:
  trusted:
    - |
      -----BEGIN CERTIFICATE-----
      ...
      -----END CERTIFICATE-----
```

`bootcmd` ichotsa yakale, `ca_certs` iika yatsopano n'kumanganso sitolo. Musaike `remove_defaults: true` poganiza kuti ndiyo yochotsera yakale. Imachotsa ma root onse obwera ndi Ubuntu, ndipo VM singalumikizanenso ndi GitHub kapena malo ena alionse a HTTPS a kunja. Pa cloud-init yakale ya CentOS 7 `ca_certs` musaidalire. Lembani satifiketi mkati mwa `bootcmd` momwemo ndi `cat` ndi heredoc, n'kutsatiza `update-ca-trust extract`.

Pa Proxmox fayiloyi iikeni mu `/var/lib/vz/snippets/`, mutalola kaye Snippets pa storage ya local, kenako (pa 9001 muike nambala ya template yanu):

`qm set 9001 --cicustom "vendor=local:snippets/ca.yaml"`

Gwiritsani `vendor=`, osati `user=`. Mukagwiritsa `user=` fayilo yanu imalowa m'malo mwa zonse zimene Proxmox imalemba yokha, dzina la wolowa, pasiwedi ndi makiyi a SSH, ndipo mupeza VM yoyaka imene simungalowemo.

Imeneyi ndi yopulumutsira lero. Kukonza kwenikweni ndi mu disiki ya template.

NyaMkandawire, Katoto

Pa disiki ya template pali njira ziwiri. Ngati muli ndi fayilo ya qcow2 imene template inachokera, ikani `libguestfs-tools`, koperani fayiloyo, n'kukonza kope lake osaliyatsa:

```
virt-customize -a ubuntu-2204-new.qcow2 \
  --delete /usr/local/share/ca-certificates/ofesi-root-yakale.crt \
  --upload ofesi-root.crt:/usr/local/share/ca-certificates/ofesi-root.crt \
  --run-command 'update-ca-certificates --fresh' \
  --truncate /etc/machine-id
```

Mzere womalizawo musausiye. virt-customize ikhoza kulemba nambala mu `/etc/machine-id`, ndipo ikakhalamo ma VM onse amabadwa ndi nambala imodzi. Ubuntu imapanga chizindikiro chake cha DHCP kuchokera pa nambala imeneyo, ndiye ma VM awiri a MAC yosiyana amapatsidwa IP imodzi. Mukatha onani ndi `virt-cat -a ubuntu-2204-new.qcow2 /etc/machine-id`, pasatuluke kanthu. Pa CentOS onjezani `--selinux-relabel`, kuti fayilo yatsopano ikhale ndi label yoyenera.

Ngati qcow2 mulibe, pangani full clone ya template, iyatseni, konzani satifiketi, pangani update ya pakeji ya `ca-certificates`, kenako `cloud-init clean --logs`, `truncate -s 0 /etc/machine-id`, chotsani `/etc/ssh/ssh_host_*`, zimitsani, ndipo `qm template` pa nambala yatsopano. Musalimbane ndi kusintha disiki ya template yakale pomwepo. Proxmox imaitseka kuti isalembedwe, ndipo ngati pali ma linked clone (ma VM opanda kope lathunthu la disiki) akuwerenga kuchokera pa disiki imeneyo, kuisintha kumawononga ma VM amene akugwira ntchito.

Madalitso

Ndamva achemwali, za kuzimitsa chitetezo ndazisiya. Koma ndifunseko: izi si zomwe zija zinachitika ndi Let's Encrypt? Mwina ena pagulu pano ali ndi ma template akale okoka kuchokera kunja, osati ku CA ya ofesi.

A Gondwe

Ndi matenda amodzi, koma njira yake inali yokhota. Root yotchedwa DST Root CA X3, ya IdenTrust, inatha pa 30 September 2021, nthawi ya 14:01 UTC, kuno ili itangodutsa 4 koloko madzulo. Let's Encrypt inali ndi root yakeyake, ISRG Root X1, imene itha mu June 2035, koma maseva ankatumizabe chain yaitali yothera ku DST kuti mafoni akale a Android azitsegulabe. OpenSSL 1.1.0 ndi zatsopano zimayamba kuyang'ana m'sitolo ya pa makina, zikapeza ISRG Root X1 zimaima pomwepo. OpenSSL 1.0.2, ya pa Ubuntu 16.04 ndi CentOS 7, imatsatira chain yotumizidwa ndi seva mpaka kumapeto, n'kufika pa DST yotha, n'kukana, ngakhale ISRG Root X1 ili m'sitolo momwemo. GnuTLS yakale kuposa 3.6.14 inalinso ndi vuto lofanana, n'chifukwa chake apt ndi git zinkagwa pa makina osakonzedwa. Chaka cha 2020 pa 30 May, AddTrust External CA Root inagwetsa makina m'njira yomweyi.

Mankhwala ake anali kuchotsa DST m'sitolo. Pa Debian ndi Ubuntu, mu `/etc/ca-certificates.conf` mumaika `!` kutsogolo kwa mzere wa `mozilla/DST_Root_CA_X3.crt` n'kuyendetsa `update-ca-certificates --fresh`. Pa CentOS 7 mumaikopera mu `/etc/pki/ca-trust/source/blacklist/` n'kuyendetsa `update-ca-trust extract`, kapena kungopanga update ya `ca-certificates`.

Mu 2024 Let's Encrypt inasiya kupereka chain yaitaliyo. Ndiye lero template yakale kwambiri ikagwa pa malo a Let's Encrypt, kawirikawiri ndi error 20, chifukwa ISRG Root X1 mulibemo. Mukaona 10 yotchula DST lero, kayang'aneni fayilo ya chain pa seva, mwina wina anamata yakale ndi manja. Baltimore CyberTrust Root nayo inatha pa 12 May 2025, ndiye amene ali ndi ma script oloza ku fayilo ya root imeneyo yokha awaunike.

Pamene `ca-certificates` yenyeniyo singakokedwe chifukwa HTTPS yagwa, gwiritsani repository ya `http://`. Apa palibe kuzimitsa chitetezo, chifukwa apt imatsimikizabe siginecha ya GPG. Kapena kokerani fayilo ya `.deb` pa makina ena n'kuiika ndi `dpkg -i`.

Wongani, Luwinga

Template yatsopano ya Ubuntu yatheka. Pa node (seva ya Proxmox) yoyamba ndi yachiwiri ma VM akutuluka ndi `status: done`. Koma pa node yachitatu akugwabe, ndipo error yasintha: `verify error:num=9:certificate is not yet valid`.

Chisomo, Mchengautuwa

Imeneyo ndi wotchi. Lembani `timedatectl` pa node yachitatuyo, osati mu VM mokha. VM ya KVM ikamayaka imatenga nthawi kuchokera kwa host. Host ikakhala m'mbuyo kuposa tsiku limene root yatsopano inapangidwa, VM imaona satifiketi yochokera m'tsogolo. Root yakale inkabisa vutoli chifukwa tsiku lake loyambira linali zaka zisanu kumbuyo.

Chimene chimachititsa kawirikawiri ndi kabatire ka CMOS pa bolodi, CR2032, ka 3 volts. Seva ikakhala pa magetsi kabatireka sikaoneka kuti kafa. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka UPS kutha, seva imadzuka ndi tsiku lakale la BIOS. Ikanayenera kudzikonza ndi NTP, njira yotengera nthawi yolondola pa netiweki, koma pali zinthu ziwiri zimene zimaletsa. Choyamba, firewall kutseka UDP 123 yopita kunja. Chachiwiri, seva kuyaka intaneti isanabwere. Onani `chronyc sources -v` ndi `chronyc tracking`. Ngati pa `Reach` pali 0 ndiye kuti sinalankhulepo ndi seva ya nthawi.

Mzere wa `makestep` mu chrony.conf (fayilo ya chrony, pulogalamu ya NTP) umanena kuti wotchi ingalumphe kangati. `makestep 1 3` ikutanthauza kuti pa kukonza kutatu koyamba, ngati yasiyana ndi sekondi yoposa imodzi, ilumphe. Kupitirira pamenepo chrony imakoka wotchi pang'onopang'ono, ndipo kusiyana kwa miyezi sikungathe mwa njira imeneyo. Kuti mukonze lero: tsegulani njira ya NTP, `chronyc makestep`, kenako `hwclock --systohc`. Ngati pa node imeneyo pali ma database oyaka, azimitseni kaye musanalumphitse nthawi. Kabatire mukasinthe pa tsiku lozimitsa seva, kamapezeka m'masitolo a zamagetsi ndi okonza mawotchi m'tauni muno.

Ndikulangizanso kuti makina amodzi a mkati akhale seva ya NTP ya onse, ndi mzere wa `allow` wa subnet yanu. Ma node a cluster ayenera kugwirizana nthawi ngakhale intaneti itadulika.

Wongani, Luwinga

Node yachitatu inali m'mbuyo kwambiri, ndipo `Reach` inali 0. Lamulo la firewall linkalola ma IP a node ziwiri zokha. Zakonzedwa, VM yoyesera yadutsa. Nanga ma VM amene anagwa kale aja, ndiwafufute?

NyaMkandawire, Katoto

Ngati mulibe deta, afufuteni mupange atsopano kuchokera pa template yatsopano, ndi njira yoyera. Ngati wina wayamba kale kuikamo zinthu, konzani satifiketi ndi manja kenako `cloud-init clean --logs --reboot`. Dziwani kuti zikatero cloud-init imaiona ngati VM yatsopano: imapanganso makiyi a SSH a host, ndipo `runcmd` imayendanso yonse. Werengani `runcmd` yanu kaye, ngati muli `mkfs` kapena chilichonse chofufuta disiki musayerekeze.

Musaganizenso kuti sitolo ya makina ndi yokhayo. Java ili ndi `cacerts` yake. Pa Ubuntu pakeji ya `ca-certificates-java` imaigwirizanitsa ndi ya makina, koma JDK yomasulidwa mu `/opt` siidziwa zimenezo, imafuna `keytool -delete` pa yakale ndi `keytool -importcert` pa yatsopano. Python `requests` imawerenga mtolo wa certifi, pokhapokha mutaika `REQUESTS_CA_BUNDLE`. Node.js imafuna `NODE_EXTRA_CA_CERTS`. Docker imafuna `systemctl restart docker` sitolo ikasintha, ndipo ngati muli ndi registry ya mkati onaninso `/etc/docker/certs.d/`. Ma image a container ali ndi sitolo yawo mkati, ayenera kumangidwanso. Kuti mupeze makope obisika a root yakale:

`grep -rl "BEGIN CERTIFICATE" /etc /opt /usr/local 2>/dev/null`

Pa fayilo iliyonse yokayikitsa, `openssl x509 -noout -subject -enddate -in fayilo.crt`. Command imeneyi imawerenga satifiketi yoyamba yokha mu fayilo, ndiye mtolo wa masatifiketi ambiri muugawe kaye.

Thoko, Chibavi

Nanga ma template a Windows?

Chisomo, Mchengautuwa

N'chimodzimodzi. Group Policy imagawa root makina atalowa kale mu domain, ndiye script iliyonse yoyenda asanalowe imadalira zimene zili mu template. Ikani ndi `certutil -addstore Root ofesi-root.crt` musanapange sysprep, ndipo yakale muichotse mu `certlm.msc`. Windows imawerenga wotchi ya makina ngati nthawi ya kuno osati UTC, ndiye pa Proxmox onetsetsani kuti mtundu wa OS mwasankha Windows, apo ayi nthawi isiyana ndi maola awiri ndipo Kerberos ikana.

A Gondwe

Chatsala ndi seva ya mirror yenyeniyo. A Wongani, mu zimene `-showcerts` inatulutsa muja werengani masatifiketi amene seva ikutumiza. Ayenera kukhala awiri: ya seva ndi intermediate. Root siyenera kutumizidwa, chifukwa makina amakhulupirira ya m'sitolo yawo yokha. Ngati mu fayilo ya `ssl_certificate` ya nginx muli yachitatu, ndipo ndi root yakale, ichotseni, `nginx -t`, kenako reload. CentOS 7 yanu ndi imene ingapunthwe nayo.

Yang'ananinso tsiku la intermediate. Nthawi zambiri root ndi intermediate zimapangidwa tsiku limodzi kapena sabata imodzi, ndipo amene wapanganso root amaiwala inzake. Kuti zisadzakudzidzimutseni, ikani mu cron mzere uwu pa root, intermediate ndi ya seva:

`openssl x509 -checkend 7776000 -noout -in fayilo.crt`

7776000 ndi masekondi a masiku 90. Satifiketi ikakhala yotha mkati mwa masiku amenewo command imatuluka ndi 1, ndipo script itumize uthenga kwa anthu oposa mmodzi. Pa mndandanda wa malo ogawirako root yatsopano onjezanipo ma template, ma ISO okonzedwa, ma image a container ndi ma snippet a cloud-init, chifukwa Ansible sifika kumeneko. Template izimangidwanso mwezi ndi mwezi ndi script kapena Packer, kukoka kuchokera pa mirror ya mkati kuti bandulo isathe, ndipo pomaliza script ipange VM imodzi yoyesera, iyendetse `cloud-init status --wait`, n'kuifufuta ikadutsa.

Wongani, Luwinga

Seva inkatumizadi atatu, yachitatu ndi root yakale, ndaichotsa. Intermediate yatsala ndi masiku osakwana 90, ndawauza a CA ndipo akuti aisainanso sabata ino ndi kiyi yemweyo. Template ya CentOS nayo yadutsa pa yum, wget ndi openssl. Ma template akale ndawasintha maina kuti wina asawagwiritse. Zikomo kwambiri a Gondwe, achemwali a NyaMkandawire, a Chisomo.

NyaMkandawire, Katoto

Intermediate ikasainidwanso, malo osinthira ndi fayilo ya chain pa seva iliyonse ya HTTPS, osati ma template, pokhapokha ngati wina anaiikanso mu anchors. Yang'anani ndi `trust list` pa template yatsopano, ngati ilimo ichotseni lero lomwe. Ma template akale musawafufute mpaka mutaona mu `/etc/pve/qemu-server/` pa node iliyonse kuti palibe VM imene disiki yake ikutchula `base-` ya nambala imeneyo.